Chithunzi cha Mtima wa Bambo

Ku Gulupu tinafika kusanache,
tinatentha benchi mpaka dzuwa linapitirira Soche.
Atatiitana anawavula bambo malaya,
anawapaka zoterera zozizira pachifuwa,
dokotala Nankhuni n'kuyendetsa kachipangizo pakati pa nthiti.

Pagalasi panabwera chinthu chotuwa,
chikuyasama, chikutseka, chikuyasama,
ngati mlamba wa mu Mudi madzi akaphwa.
"Mtima wanu ndi uwu, achikulire. Watupa mbali iyi.
Zipinda n'zinayi, koma kachitseko aka sikakutseka bwino."

Bambo anayang'anitsitsa nthawi yaitali.
Kenaka anafunsa, nkhope ili gwa:
"Nanga Wedisoni mukumuona m'menemo?"

Dokotala anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.
Wedisoni ndi mng'ono wawo.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi dzinalo silinatchulidwe kwathu,
chiyambire mlandu wa puloti ya ku Chirimba
ndi malata makumi atatu amene agogo anasiya.

Bambo ndi telala wa pakhonde, ku Ndirande.
Sukulu anaisiyira sitandade sikisi,
koma Chihebri amadziwapo liwu limodzi
limene mbusa wina wokalamba anawapatsa
pa maphunziro a akulu ampingo.
Ankalilemba ndi choko cha nsalu pathabwa la makina,
zilembo ziwiri zoyenda chobwerera:
levu.
"Ichi chachitali ndi ndodo yokusira ng'ombe,
ichi chachifupi ndi nyumba.
Anthu a m'Malemba, Esinati, sankaganiza ndi mutu.
Nzeru, chiwembu, lonjezo, mantha,
zonse zinkagona m'nyumba imeneyi,
mwininyumba ali khale m'kati."
Ankaseka, singano ili pakamwa.
"Ndiye chachilendo n'chiyani?
Ife timaloweza pamtima, timanena chamumtima,
munthu wa mitima iwiri sitim'bwereka lumo.
Ahebriwo akadafika ku Ndirande
sakadafuna womasulira."

Ine ndinkamva ngati nkhani za pakhonde,
zothamangitsira nthawi kasitomala akachedwa.

Dokotala analemba mankhwala amitundu itatu.
Mchere achepetse. Zitunda asakwere.
Tinatuluka pageti, pakati pa ogulitsa nthochi ndi mabeseni,
pepala la chithunzi lili m'thumba la jekete.
Pa Ginnery Corner kondakitala anakuwa za Ndirande,
ine n'kuponda kale pakhomo.
Bambo anandigwira mkono.
"Ya m'tauni. Tikasinthe ya ku Chirimba."

M'minibasi sanayankhule mpaka pa Kameza itatsala pang'ono kuoneka,
pomwe anati, maso ali pawindo:
"Makina aja ndi abwino, aona nyama.
Koma muli chipinda chachisanu,
ndinachikhoma ndekha, kiyi ndinameza.
Lamulungu lililonse ndimagawa mkate kutsogolo
ndi munthu wotsekeredwa m'chifuwa.
Iwe ukuti chatupitsa n'chiyani?"

Ndinafuna kunena kuti ndi magazi othamanga,
kuti dokotala wafotokoza bwinobwino.
Ndinameza mawuwo.

Njira ya kwa Wedisoni ndi chitunda,
chomwecho chimene angoletsedwa.
Tinapuma katatu: pa mpope wa madzi,
pa okala ya makala, pa mtengo wa mapeyala.
Malata aja ndinawaona tisanafike,
achita dzimbiri, ena atsindiridwa ndi miyala.
Zaka zonsezi, malata amenewa.

Pachipata cha bango bambo anaima,
dzanja lili pachifuwa, mpweya ukuvuta.
Pansi pa malaya panali kugunda koonekera,
ndipo mpaka lero sindidziwa
kuti unkagunda unali uti,
wa pagalasi uja kapena wa pathabwa la makina.

Anakonza kolala.
Anatsokomola kamodzi.
"Odi kuno!"

M'katimo wailesi inazima.